Penti Yotsala ya Abambo

Ndinabwerera kwa makolo anga ku Glen Norah chaka chimene timanyumba takuseri tinagumulidwa mumzinda monse. Kanga kanali kachipinda kamodzi kamene tinkachita lendi ndi mwamuna wanga kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Mwamunayo anali atawoloka kale kupita ku Joni kukafuna ganyu, ndipo foni yake inali itasiya kupezeka. Tsiku limene aboma anabwera kudzagumula ndinatulutsa bedi, mapoto ndi chikwama cha zovala, n'kukhala pabedipo m'mphepete mwa msewu mpaka ntchito yawo inatha. Anthu ena ankalira. Ine ndinkangoona fumbi likukwera ndi kutsika. Kenako ndinapeza munthu wa ngolo, anandikankhira katunduyo mpaka pageti la kwathu.

Amayi anandilandira osafunsa zambiri. Anangoti, "Lowetsa bedilo, mvula ya fumbi iyi ikuonongera matiresi." Kanyumba kakuseri kwathu nakonso kanali pansi. Abambo anakagumula okha ndi hamala ogumulawo asanafike, kuti apulumutse malata. Zitseko ziwiri ndi matabwa a kudenga anazitsamiritsa pakhoma la nyumba yaikulu, njerwa n'kuziunjika pafupi ndi chimbudzi.

Abambo anabadwira pafamu ya fodya. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi ali mnyamata, n'kuwoloka malire kubwera m'dziko lino, ndipo sanabwererenso. Abambo anga anathawa fodya n'kubwera mutauni, anapeza ntchito ku Workington, kudera la mafakitale, pakampani ina yokonza malole ndi ngolo zake. Anayamba ndi kupala dzimbiri, kenako anawapatsa mfuti yopoperera penti, ndipo anaigwira mpaka imvi. Ndili mwana ndinkawadziwa ndi fungo asanalowe m'nyumba. M'mphepete mwa zikhadabo zawo munkakhala mtundu wa lole imene apaka sabata imeneyo.

Kampaniyo inatsekedwa chaka chotsatira nditabwerera. Tsiku lomaliza kapitawo anawauza kuti aliyense atenge zimene zatsala m'shedi. Anzawo anatenga mawaya, mabawuti ndi zitsulo zoti akagulitse. Abambo anabwereka wilibala n'kukankha zitini za penti kuchokera ku Workington mpaka kunyumba, maulendo atatu. Zambiri zinali zotsegula kale, zina zatheka, zina zitagwira chikopa pamwamba. Panali yotuwa yoyambira, imene amapaka pachitsulo asanaike mtundu weniweni, ndipo imeneyi ndiyo inali yambiri. Panali yofiira ya ngolo, yachikasu yolembera mizere yochenjeza, yakuda, yoyera, ndi kachitini kamodzi ka buluu.

Amayi ataona zitinizo anati, "Ndiye tidya zimenezi?"

"Sizidyedwa," anatero abambo, n'kuzindandalika pansi pa mtengo wa mapeyala.

Kwa milungu ingapo sanazikhudze. Ankadzuka nthawi yomwe ija ya kuntchito, kusamba, kuvala ovolosi, n'kukhala pampando panja. Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kumzere wa buledi, kumene ndinaima kuyambira mbandakucha osapeza kanthu, ndinawapeza atagoneka thabwa limodzi la kudenga pa njerwa zinayi, akulipaka yotuwa ndi burashi yakale. Ndinaganiza kuti akufuna kupanga tebulo. Litauma analiimika pakhoma, n'kujambulapo chinthu chakuda chachikulu chakumunsi, chopanda mutu, chopanda miyendo. Mawa lake anaonjezera mzere woyera wopendekeka. Patapita masiku awiri anaupala mzerewo ndi chidutswa cha sowo, n'kuuikanso chapamwamba pang'ono.

Sindinafunse. Masiku amenewo sindinkafunsa chilichonse. Ndinkadya ndikapatsidwa, ndinkaima pamzere ndikatumidwa, ndinkathandiza amayi kuyala matimati ndi maputi, chimanga chokazinga chija, patebulo lawo pakona ya msewu. Ndikabwerako ndinkakhala panjerwa kuseri n'kumayang'ana abambo, chifukwa magetsi kunalibe, wailesi inali zii, ndipo kumeneko kokha ndiye kunali chinthu choyenda.

Oyamba kufunsa anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, Mshona, amene ankasuzumira pampanda akamayanika zovala.

"Sekuru, chii ichocho?" Ankafunsa m'Chishona kuti agogo, n'chiyani chimenecho.

"Ndi penti, mayi."

"Ndaona kuti ndi penti. Koma ndi chithunzi cha chiyani?"

"Si cha chinthu."

Mayiwo anaseka, n'kupita kukauza amayi kuti awayang'anire bwino akuluwa, amuna ambiri akachotsedwa ntchito mutu umayamba chonchi. Amayi anawayankha kuti bola akupaka matabwa, anzawo ali kumowa wa m'mabotolo a mankhwala. Mkulu wa mpingo wathu nayenso atabwera kudzationa anaima nthawi yaitali kutsogolo kwa thabwa lina, manja kumbuyo, kenako anafunsa ngati ali mapu a kumudzi ku Dedza. Abambo anati kumudziko anapitako kamodzi kokha, pamaliro, ndipo sangathe kujambula njira yake.

Ine abambo anayamba kundilankhula okha. Tsiku lina anabwerera chafutambuyo kuchokera pathabwa mpaka anagunda mpanda, anatseka diso limodzi, n'kunena osandiyang'ana, "Iwe, ukuona chiyani apa?"

"Palibe, bambo."

"Chabwino. Nanga diso lako layambira pati?"

Ndinaloza pamene panali chigamba chachikasu, kumanzere.

"Kenako lapita kuti?"

Ndinatsatira ndi chala mpaka pachinthu chakuda chakumunsi.

"Kenako?"

"Lakhala pomwepo."

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero. "Lagwera m'dzenje. Liyenera kupeza potulukira." Anatenga yoyera pang'ono kunsonga ya burashi, anaika kadontho kotalika ngati chala m'mphepete mwa chakudacho, kumanja. "Yang'ananso."

Ndinayang'ana. Diso linafika pachakuda, n'kudumphira pakoyerako, n'kukwera. Ndinawauza choncho. Anagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito.

Kuyambira pamenepo ankandifunsa kawirikawiri, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinadziwa mmene ankaganizira. Thabwa ankaliona ngati lole yopakira katundu. Ankati mtundu uliwonse uli ndi kulemera kwake, ndipo ukaunjika zolemera mbali imodzi, lole imagwa pakona. Yakuda imalemera, koma yofiira yochepa ngati chikhatho imatha kulemera kuposa yakuda yodzaza theka la thabwa. Akakayika ankalitembenuza thabwalo, kumwamba kukhala pansi, n'kuliyang'ananso ali kumpanda. Likaoneka ngati likugwa, ankadziwa kuti ntchito ikadalipo.

Nthawi zonse ankayamba ndi yotuwa. Ankati mitundu ina imafuna pansi poti iime. Yofiira ankaika pomaliza, ndipo nthawi zina sankaiika n'komwe. "Imeneyi ndi yaphokoso," ankatero. "Ukailowetsa msanga, zinzake zonse zimasiya kulankhula." Yachikasu ankati ikakhala pafupi ndi yakuda imakuwa, ikakhala pafupi ndi yoyera imawodzera. Anandionetsa zimenezi pachivundikiro cha chitini, madontho awiri a chikasu chomwecho, ndipo zoonadi ankaoneka ngati achokera m'zitini zosiyana. Buluu ankamuumira kwambiri. Ankatsegula kachitiniko mwina kamodzi pamwezi, n'kutapa ndi kamtengo ka machesi.

Pathabwa lililonse ankasiya malo ena osakhudza, yotuwa yokhayokha, nthawi zambiri pakona ya kumwamba. Ndinawafunsa ngati penti yawathera.

"Ayi. Ukadzaza ponse, munthu apumira pati?"

Palafini wosungunulira penti atasowa, anayamba kupaka yolimba momwemo, ndi mpeni wakale wa patebulo. Anapera njerwa za kanyumba kaja n'kusakaniza fumbi lake ndi yoyera, inatuluka yofiirira ngati dothi la pamsewu wathu. Matabwa a kudenga atatha anapita pachitseko chimodzi, kenako ankayenda m'makwalala kutola makatoni olimba ndi zidutswa za malata. Sankalembapo dzina. Akamaliza ankangotsamiritsa pakhoma, latsopano kutsogolo kwa lakale.

Chaka cha kolera chinatipeza tili choncho. Madzi a m'mipope anali atasiya kutuluka miyezi yambiri, zonyansa zinkayenda mumsewu kuchokera m'mapaipi ophulika, ndipo tinkatunga pachitsime chimene anthu anakumba kudambo. Amayi anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri m'mawa ali patebulo lawo la matimati. Pofika masana sankatha kuima. Tinawanyamula pa wilibala, ine ndi abambo, kupita kumatenti kumene ankalandirira odwala. Pageti anatipopera mankhwala kumapazi ndi m'manja, anawatenga amayi, ife n'kutiuza kuti tidikire kunja. Tinadikira tsiku limenelo ndi lotsatira, titakhala pansi pamodzi ndi anthu ena ambiri. Lachinayi namwino anatuluka ndi pepala n'kuitana dzina lawo.

Anatipatsa thupi litakulungidwa m'pulasitiki, n'kutiuza kuti tisatsegule. Sitinawasambitse, sitinawaone nkhope. Maliro anali a tsiku limodzi. Anthu a mpingo anabwera ochepa, anaimba nyimbo ziwiri, ndipo palibe anagwirana chanza. Ndimakumbukira kuti ndili kumanda ndinkaganiza za matimati amene anatsala patebulo, kuti kaya anatenga ndani. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kulira. Ndinatsegula pakamwa pamene amayi ena ankalira, koma sipanatuluke kanthu, ndipo ndinatsekanso.

Patapita masiku atatu abambo anavala ovolosi. Kunali kutatsala chitseko chimodzi, chachikulu, chimene ankachisunga. Anachipaka yotuwa, chinauma, anachipakanso yotuwa. Ndinkayembekeza kuti atsegula yakuda, koma sanaikhudze. Anasakaniza yotuwa ndi yoyera m'magawo osiyanasiyana, ina yowala pang'ono, ina yoderako, n'kumaika zigamba zazikulu zimene munthu sukanaziona kusiyana kwake utaima patali. Chapakati anajambula kamzere kachikasu kopingasa. Mawa lake anakakwirira. Linalo anakabwezera, chakumunsi. Anakakwiriranso. Anachita zimenezi pafupifupi milungu itatu. Pamapeto pake kamzereko sikankaoneka, koma ukayandikira unkaona kuti pansi pa yotuwayo pali chinachake chimene chikufuna kutulukira.

"Diso lako layambira pati?" anandifunsa.

"Silikuyamba, bambo. Likungoyendayenda."

"Eya," anatero. Anapukuta mpeni wawo paovolosi n'kulowa m'nyumba kukagona, dzuwa lili pamutu.

Nkhuni zinali zitavuta kwambiri nthawi imeneyo. Mitengo ya kudambo inali itatha, anthu ankakumba ndi zitsa zomwe. Tsiku lina tinapeza ufa pang'ono kuchokera kumpingo, koma panalibe chophikira. Abambo anali atapita kukatunga madzi. Ndinapita kukhoma, ndinasolola thabwa limodzi lakumbuyo kwenikweni, lija loyamba la chinthu chakuda ndi mzere woyera, ndinaliponda ndi phazi n'kulithyola zidutswa. Sindinaganize kanthu pochita zimenezi. Linayaka msanga, utsi wake wakuda, wonunkha, woluma m'maso. Abambo analowa pageti ndi zigubu ziwiri, anaima, ananunkhiza.

"Watenga liti?"

"Loyamba lija."

Anatula zigubuzo, anapita kukhoma, anayang'ana matabwawo limodzi ndi limodzi. Anasolola ena anayi n'kuwaika pafupi ndi moto.

"Awa uziyamba nawo. Sanakhazikike. Koma uziphikira panja, ndipo poto uzivundikira, utsi wa penti iyi ndi woipa."

Tinadya sadza imeneyo, nsima ya kuno, ikumveka fungo la penti, opanda ndiwo.

Patapita miyezi ingapo kunabwera mayi wina wa ku Waterfalls, dera la anthu opeza bwino. Anamva za abambo kwa mayi oyandikana nafe aja, amene ankakachapa kunyumba kwake. Anali munthu wopita kunja kukagulitsa nsalu zoluka ndi ziboliboli, ndipo ankafuna wojambula mbidzi, njovu ndi akazi osenza mitsuko, zimene alendo amagula. Anayang'ana matabwa onse mwaulemu, kenako anafotokoza zimene ankafuna.

"Mbidzi sindinaionepo, mayi," anatero abambo. "Ine ndinkapaka malole."

Mayiyo anaseka. Atatsala pang'ono kutuluka anabwerera n'kuima pa thabwa lina laling'ono, lokhala ndi zigamba ziwiri zofiirira za fumbi la njerwa, kachigamba kofiira pakati pake, ndi kadontho ka buluu pakona. Anati limeneli silogulitsa kunja, akulifuna la m'nyumba mwake, likugwirizana ndi makatani. Anapereka ndowa ya chimanga ndi botolo la mafuta ophikira. Abambo anavomera. Asanalipereke analitembenuza n'kujambula kamuvi kumbuyo ndi pensulo, kuloza kumwamba.

"Uku ndiye kumutu," anamuuza. "Musalakwitse."

Sabata yotsatira ndinapita ku Waterfalls kukabweza ndowa. Ndinayenda wapansi chifukwa makombi, maminibasi a kuno, anali osakwereka ndi kudula. Wantchito wa pakhomopo anandilowetsa pabalaza kuti ndimwe madzi, ndipo ndinaliona thabwalo lili pakhoma pamwamba pa sofa, ataliika m'felemu yakuda, litagonekedwa cham'mbali. Kadontho ka buluu kanali pansi. Mayiyo anandifunsa ngati likuoneka bwino. Ndinati likuoneka bwino.

Kunyumba abambo anandifunsa ngati ndaliona.

"Ndaliona. Aligoneka cham'mbali."

Kenako anati, "Mbali iti ili pansi?"

"Ya buluu."

Anapendeketsa mutu ngati akuliona patsogolo pawo, anatseka diso limodzi.

"Likhoza kuima," anatero. "Silikugwa. Koma si limene ndinapaka ine."

Sanatchulenso nkhaniyo.

Penti inayamba kutha mtundu ndi mtundu. Yoyera ndiyo inayamba, kenako yachikasu. Buluu anauma yekha m'kachitini, asanathe n'komwe, chifukwa chivundikiro chinali chitapindika. Abambo anamugogoda ndi msomali, anatuluka ngati mwala, anamuyang'ana m'dzanja n'kumuponya pamulu wa njerwa. Anapitiriza ndi yotuwa, yakuda ndi yofiira mpaka nyengo yozizira. Tsiku lina m'mawa anakokota chitini chomaliza cha yotuwa ndi mpeni, sinakwane ngakhale theka la katoni. Anati yakuda ndi yofiira pazokha sizingagwire ntchito popanda pansi poimapo. Anatsuka zitini zopanda kanthu ndi mchenga, anaziboola kunsi, n'kundipatsa kuti ndidzalemo anyezi.

Pamene zinthu zinayamba kubwerera m'mashopu ndinapeza ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu kwa mayi wina wa mumpingo. Mwamuna wanga sanabwere, ndipo ndinasiya kufunsa kwa anthu ochokera ku Joni. Kulira amayi kunandipeza mochedwa, patapita chaka ndi miyezi, ndili pamakina osokera, popanda chimene chinayambitsa. Mwini ntchito anandiuza kuti ndipite kunyumba. Ndinapita, ndinawapeza abambo pampando wawo pageti, ndinakhala pansi pafupi nawo. Anangosuntha mpando kuti mthunzi undifike.

Matabwa amene anapulumuka kumoto tinawalowetsa m'nyumba, kuseri kwa kabati. Chitseko chotuwa chija abambo anachibwezera pantchito yake pamene cha kukhitchini chinadyedwa ndi chiswe. Anachimangirira okha, mbali yopakayo kuloza mkati.

Mchimwene wanga wamkulu, amene anakhala ku Botswana zaka zonsezi, anabwera pa Khirisimasi ina atamva kuti abambo ankajambula. Anawagulira bokosi la penti ya akatswiri, timachubu khumi ndi tiwiri, mitundu ina yoti sindinkaidziwa ndi dzina lomwe, ndi maburashi ofewa atatu. Abambo anathokoza kwambiri. Anatsegula kachubu kalikonse, kufinyira pang'ono pachala, kununkhiza, kutseka.

"Yambani, bambo," anatero mchimwene wanga. "Ndikubweretserani ndi nsalu zake zojambulapo."

"Yachuluka," anayankha abambo. "Munthu angayambire pati?"

Bokosilo linakhala pamwamba pa kabati. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, chifuwa chikuwavuta nyengo yozizira iliyonse, mpaka chinawatenga. Pa zaka zimenezo analitsitsa kamodzi kokha, pamene wobweretsa makalata anadandaula kuti nambala ya nyumba yathu yafufutika. Anasankha kachubu kobiriwira, anatenga burashi yaing'ono, anapita pageti n'kulemba manambala atatuwo bwinobwino, mowongoka, kenako anatsuka burashiyo n'kuibwezera m'bokosi.